Kusamala ndi Kufulumira n'Pachibale

Ambiri mwa olemba mapulogalamu a kompyuta anakula ndi chikhulupiriro chakuti wofuna liwiro asaumire memory. Koma ine, polingalira ntchito imene Matt Kulukundis wa ku Google anafotokoza pa msonkhano wa CppCon m'chaka cha 2017, ndatsimikiza mumtima kuti kusamala ndi kufulumira n'pachibale.

Hash table ndi chosungira chimene chimasandutsa dzina la chinthu kukhala nambala, ndipo nambalayo ndiyo iloza pamene chinthucho chagona. Chosungira chakale chotere cha chilankhulo cha C++, std::unordered_map, chimaika chinthu chilichonse pachokha, n'kuchilunzanitsa ndi chinzake mwa pointer ya ma byte 8. Kotero purosesa, imene imatunga ma byte 64 pa ulendo umodzi, imavutika kupita kutali kukatenga kanthu kamodzi, monga mayi wotsikira kudambo ndi mtsuko nabwerako ndi madzi a m'chikho.

Swiss table ya Google, imene Kulukundis anafotokoza ija, inakana kumwazikana kumeneku. Zinthu zonse inazigoneka mondondozana, nipatsa malo alionse byte imodzi ya chizindikiro, m'mene musungidwa ma bit 7 a nambala ija. Ndipo popeza purosesa ikhoza kuyerekeza zizindikiro 16 nthawi imodzi, siikhudza chinthu chenichenicho kufikira chizindikiro chitavomereza, ngakhale malo 7 mwa 8 alionse atadzaza. Nzeru imeneyi ndiilemekeza koposa, pakuti siinapemphe makina atsopano, koma inangomvera chikhalidwe cha makina amene analipo kale. Chilankhulo cha Rust chinailandira mu 2019, ndipo Go inatsatira mu 2025.

Zosungira zotchedwa mitengo nazo, zosunga zinthu m'ndondomeko yake, zinachiritsidwa ndi mankhwala omwewo: B-tree, imene Rudolf Bayer ndi Edward McCreight anaikonza ku Boeing cha m'ma 1970, imaunjika zinthu zambiri pa mfundo imodzi, pamene std::map ya C++ imasenzetsa chinthu chilichonse ma pointer atatu.

Komatu walira mvula walira matope. Swiss table ikadzaza, imasamutsira zonse ku malo okulirapo, ndipo pointer iliyonse yoloza malo akale imasanduka msampha. Chifukwa chake Google inakonzanso node_hash_map, yochedwerapo pang'ono koma yosasuntha zinthu, kuti mmisiri amene pulogalamu yake imadalira ma pointer okhazikika asinthe chosungira chake popanda kugwetsa zimene anamanga kale.