Mmisiri asamakongolere mwini nyumba simenti

Amisiri ambiri omanga nyumba akubweza ngongole zomwe sanadye. Mwini nyumba amati ndalama zikubwera, ntchito ingoyambika. Poti mmisiri ndi wodziwika ku hadiweya, amakatenga pangongole matumba 40 a simenti, malata ndi misomali. Nyumba ikafika padenga, foni ya bwana uja imasiya kupezeka. Koma m'buku la mwini shopu muli dzina la mmisiri, ndipo amene adzalondoledwe kunyumba ndi iyeyo.

Ena amati ngongole yotereyi ndi ya mwini nyumba chifukwa simentiyo ili pakhoma lake. Sizili choncho. Apa pali mapangano awiri osiyana: wa shopu anagwirizana ndi mmisiri, ndipo mmisiri anagwirizana ndi mwini nyumba. Bwana akalephera kulipira, ngongole ya ku shopu siifa. Mmisiri wotenga katundu m'dzina lake wasanduka banki yobwereketsa popanda chikole komanso popanda chiwongoladzanja.

Kuchedwa kwa malipiro nakonso kumadya phindu. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti ndipo mitengo ya zipangizo zomangira inakwera. Wa shopu amafunika kukapikulanso katundu pamtengo watsopano, n'chifukwa chake ena amawerengera ngongole pamtengo wa tsiku lobweza. Mmisiri amene anagwirizana ndi bwana pamtengo wakale amaonjezera za m'thumba mwake, pomwe madakaboyi nawonso akudikira zawo.

N'zoona kuti ntchito ikusowa, ndipo mmisiri akakana, wina amavomera tsiku lomwelo. Komabe fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kukhala sabata ziwiri osagwira ntchito kuli bwino kusiyana ndi kugulitsa njinga ndi wilibala pobweza simenti ya nyumba yogona ena.

Njira yodzitetezera ndi yakuti mmisiri azigulitsa luso lake lokha. Alembe mndandanda wa zipangizo, mwini nyumba akagule yekha, lisiti likhale m'dzina lake. Ngati wa shopu wavomera ngongole, osaina m'buku akhale mwini nyumbayo. Malipiro agawidwe pa gawo lililonse la ntchito: maziko, pawindo, lintala, denga ndi pulasitala. Gawo limodzi likapanda kulipiridwa, lotsatira lisayambe. Zonsezi zilembedwe, ngakhale m'kope la sukulu, onse awiri asaine pamaso pa mboni. Kulandira ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba kumathandizanso chifukwa uthenga wake umaonetsa tsiku ndi kuchuluka kwa ndalamazo.

Nanga amene wagwa kale m'dzenjemo? Choyamba asathawe wa shopu. Apite yekha asanaitanidwe, awerengere limodzi katundu yense, agwirizane zobweza pang'onopang'ono, ndipo mtengo wake ulembedwe kuti usamasinthe. Katundu wosagwiritsidwa ntchito apemphe kumubweza msanga, makamaka simenti yomwe imauma ikakhalitsa. Katapila asamuyandikire, chifukwa kutseka ngongole ndi ngongole yoswa mwezi ndi mwezi n'kuzimitsa moto ndi palafini.

Kwa mwini nyumba, amulembere kalata yotchula ndalama zotsala ndi tsiku lomaliza kulipira, n'kusunga kope lake. Zikakanika, apite kwa amfumu, kenako kukhoti la majisitireti atanyamula malisiti, mauthenga a pafoni ndi zithunzi za ntchitoyo. Apolisi kawirikawiri amabweza nkhani za ngongole ponena kuti ndi zakukhoti. Kukazula malata kapena zitseko usiku chifukwa cha mkwiyo kungasandutse wodandaula kukhala woimbidwa mlandu.

Eni mahadiweya nawonso asamangodalira nkhope. Asanatulutse katundu, afunse kuti nyumbayo ndi ya yani, ndipo mwini wakeyo abwere adzasaine. Mmisiri akagwa, shopu imataya ndalama pamodzi ndi kasitomala amene amaibweretsera ogula chaka chonse.