Bokosi la Batire Lisunthidwe, Koma Osati ndi Mphira

Fumbi la msewu wa ku Vubwi ndi petulo wa m'mabotolo zimatseka kabuleta kawirikawiri, ndipo pa njinga zamoto zina munthu sangaifikire osachotsa batire. N'chifukwa chake alimi anzathu ena ku Katete ndi ku Sinda amadula bokosi lake, n'kumangirira batire ndi mphira.

Kusuntha bokosilo sitikukana. Chimene tikukana ndi mphirayo. M'mabampu batire limagwedezeka, mutu wake n'kukhudza chitsulo, moto n'kuthetheka pafupi ndi paipi ya petulo. Njinga yomwe imanyamula soya ndi odwala ingapse pamsewu.

Pitani kwa wowotcherera akupangireni choikamo chachitsulo, chomangidwa ndi mabawuti awiri, fyuzi ikhale pomwe inali. Asanayatse moto wake, chotsani thanki ndi batire, kuyambira waya wa negetivu.