Chiuno chikawawa, lozani na chala musanagone pa tebulo ya munthu

Mwezi wa June, nthawi imene nshawa zimadzaza pa msika wa Lundazi, mwana wa amalume ananitumila foni usiku. Ni mnyamata wa zaka 26, nchito yake ni kupakila masaka mu mathilaki a ogula mbewu.

"Bakamba, chiuno chanigwila," iye anatelo. "Naona pa TikTok muzungu agoneka munthu pa tebulo, amupinda mwendo, phwa! Munthu uja auka ayamba kuvina. Ku Lusaka baliko bantu ba so? Nifuna nibwele banithyoleko."

Ninamufunsa funso imodzi chabe: "Chibaba pati? Loza na chala." Anakhala chete pang'ono, kenako anati ni kutsogolo, pamene mwendo umapindikila akakhala pansi, ndipo ululu umatsika mpaka pa bondo. Pamenepo n'namuuza kuti ndalama ya basi asunge, mawa acheze na chipatala choyamba.

Funso imeneyi ndiye nakubweletselani sabata ino, imwe amene mumakankha wilibala ku Soweto, mumapalasa njinga na katundu kuchoka ku Mwase kupita ku boma, mumaimilila tsiku lonse mu saluni kapena pa geti ya abwana.

Vuto yathu iyambila pa chilankhulo. Liu lakuti chiuno timalitumila nchito zambili. Msana wa m'munsi ni chiuno, m'mbali mwa thako ni chiuno, polumikizana mwendo na thupi ni chiuno, ngakhale uja wovina bwino pa kitchen party timati ali na chiuno. Manje mukauza munthu kuti "chiuno chibaba", simunamuuze chilichonse. Malo amenewa ni osiyana, matenda ake ni osiyana, na mankhwala ake ni osiyana.

Ganizilani mtondo na munsi. Fupa la ntchafu lili na mutu wobulungila umene umakhala mu kambale ka fupa la m'chiuno, monga munsi mu mtondo. Pamwamba pa mutuwo pali kanyama koyela kotelela, konga kaja mumaona kumapeto kwa fupa la nkhuku. Ndiye kamathandiza kuti mafupa asakhulane. Mfundo imeneyi ili mkati kwambili, ndipo ikadwala ululu kambili umamvekela kutsogolo, m'mphechepeche, nthawi zina kutsikila mu ntchafu mpaka pa bondo. Munthu amavutika kuvala sokosi, kumanga nsapato, kunjuta ku chimbudzi kapena kukwela njinga.

Ngati chala chanu chaloza m'mbali, pa fupa lija limene mumagonela, ndipo usiku simukwanitsa kugonela mbali imeneyo, kambili vuto imakhala mu mitsempha na minofu ya kunja, osati mu mfundo yeniyeni. Izi zimapezeka maningi kwa azimayi a zaka 40 kupita m'mwamba. Zimavuta, koma kambili zimatha na maseŵela oyenela komanso kupumitsa mwendo.

Ngati chala chaloza kumbuyo, ululu uyambila mu msana, upita mu thako, utsika kumbuyo kwa mwendo monga magetsi, mwina na dzanzi ku phazi, ndiye kuti mwina mtsempha wapanikizika ku msana. Chiuno chilibe mlandu, chingolila maliro a mnzake.

Manje tikambe za uyu wothyola anthu pa TikTok. Dzina la nchito yake ni chiropractic. Inayamba mu 1895 ku Davenport, mu dela la Iowa ku America, na munthu wina dzina lake D.D. Palmer, amene anali kukhulupilila kuti matenda ambili amabwela chifukwa mafupa a msana sanakhale bwino. Chikhulupililo chimenecho sayansi sinachivomeleze. Chimene chinatsala na kupezeka kuti chili na nchito ni luso la manja: kukankha na kuongola mfundo kuti zimasuke. Kuno kum'mwela kwa Africa, amaphunzitsa nchitoyi ku Durban University of Technology na ku University of Johannesburg, ndipo munthu amakhala pa sukulu zaka 5 kapena 6. Mu Zambia anthu amenewa ni ochepa, ndipo ambili muzawapeza ku Lusaka. Kuchoka ku Lundazi ni makilomita pafupifupi 180 kukafika ku Chipata, kenako ena opitilila 550 kukafika ku Intercity. Ulendo umenewo pa mpando wa basi, na chiuno chodwala, si nthabwala.

Nanga amathandiza? Pa ululu wamba wa msana wa m'munsi, inde, anthu ena amapezako bwino, mofanana na mmene amapezela akachita maseŵela kapena akaonana na physio. Pa chiuno cholimba chifukwa cha minofu yokokana, kapena nyamakazi ya ukalamba imene yangoyamba, kuongola na manja kungachepetse ululu kwa kanthawi, makamaka ngati munthu achitanso maseŵela kunyumba. Koma kanyama koyela kaja kakatha, palibe dzanja limene lingakabwezele. Ndipo kaphokoso kaja ka "phwa" sikatanthauza kuti fupa labwelela pamalo. Ni mpweya chabe mu madzi a mu mfundo, chimodzimodzi mukathyola zala. Kamamveka bwino pa vidiyo, koma sikachilitsa.

Bungwe la World Health Organization linatulutsa malangizo a nchito imeneyi mu 2005, ndipo linalemba poyela malo amene munthu sayenela kukankhidwa mwamphamvu: pamene fupa lathyoka, pamene pali matenda a tizilombo mu fupa kapena mu mfundo, pamene pali chotupa. Chiropractor wophunzila amadziŵa zimenezi. Azakufunsani mafunso, azakupimani, ndipo akakayikila azakutumani ku X-ray asanakugwileni. Amene nimaopa ine ni uja anaphunzila pa foni, wagula tebulo, walemba pa chipupa kuti amachilitsa chiuno, shuga, BP na mphamvu ya abambo pamodzi. Mufunseni pepala la sukulu na chiphaso cha boma chogwilila nchito ya zaumoyo. Mu Zambia bungwe limene limalembetsa madokotala na ma physio ni Health Professions Council of Zambia. Munthu akakalipa chifukwa mwafunsa pepala, valani nsapato zanu muzipita.

Nibwelele kwa mwana wa amalume. Atajambulidwa, adokotala anapeza kuti mutu wa fupa lake la ntchafu wayamba kufa. Matendawa amawatcha avascular necrosis. Magazi amaleka kufika ku mutu wa fupa, fupalo limafooka, kenako limaphwanyika pang'onopang'ono monga dzila lopondedwa. Amagwila anyamata na atsikana amphamvu, osati nkhalamba chabe, ndipo kambili amagwila mbali zonse ziŵili. Zimene zimawabweletsa ni izi: matenda a sickle cell, kumwa moŵa kwambili kwa zaka, kumwa mankhwala a steroid monga prednisolone na dexamethasone kwa nthawi yaitali, kuvulala kwa chiuno, ndipo amapezekanso kwambili kwa anthu amene ali na HIV. Mnyamata wathu anavomela kuti kachasu kanali chakudya chake cha m'madzulo kuyambila ali na zaka 18, "kochotsela kutopa". Manje ganizilani fupa lotelo likanapindidwa mwamphamvu na munthu wosadziŵa.

Alongo anga, mvelani apa. Mapilisi aja amene anzanu amakuuzani kuti amanenepetsa na kukulitsa matako, ena mwa iwo ni steroid. Nkhope imatupa, mimba imakula, ndipo mafupa amalipila ngongole. Thako la miyezi 6 lingakugulitseni chiuno cha moyo wonse. Ndipo imwe amene muli pa ma ARV, chiuno chikayamba kuwawa musaleke mankhwala. Uzani a ku kiliniki kuti akupimeni.

Matenda amenewa akapezeka msanga, madokotala angachepetse kulemela pa mwendo na ndodo, ndipo nthawi zina amaboola fupa kuti magazi ayambenso kuyenda. Akachedwa, chimatsala ni opaleshoni yoikamo mfundo yachitsulo, imene imafuna akatswili a mafupa monga a ku UTH, na ndalama zimene wonyamula masaka sangazipeze mosavuta. Kumayambililo X-ray ingaoneke bwino pamene fupa layamba kale kudwala, choncho ululu wa m'mphechepeche ukapitiliza, bwelelani, musanene kuti "banakamba kuti nili che bwino".

Pali zizindikilo zina zimene sizifuna tebulo, sizifuna mafuta otikitila, sizifuna mphini. Zifuna chipatala tsiku lomwelo.

Ngati thupi latentha, chiuno chawawa mwadzidzidzi ndipo simukwanitsa kuponda pansi, mwina mafinya aloŵa mu mfundo, ndipo angaiwononge mu masiku ochepa.

Ngati ululu wakhala miyezi, mukuonda, mumatuluka thukuta usiku, kumbukilani kuti TB simagwila chifuwa chokha. Imagwilanso msana na chiuno, ndipo mankhwala ake ni aulele mu zipatala za boma.

Ngati ambuya agwa pa bafa kapena ku munda, alephela kuuka, ndipo mwendo umodzi waoneka waufupi, phazi latembenukila kunja, fupa lathyoka. Musawakoke mwendo kuti muongole. Anyamuleni bwinobwino.

Ngati msana ukuwawa, mwachita dzanzi pakati pa miyendo, mkodzo kapena chimbudzi chikutuluka chokha kapena chakana kutuluka, thamangani, chifukwa maola amaŵelengedwa.

Ndipo ngati mwana wayamba kutsimphina popanda kugwa, ngakhale akuloza bondo, muuzeni dokotala apimenso chiuno. Ana a zaka 4 mpaka 10 ali na matenda awo a mutu wa fupa, ndipo achinyamata a zaka za m'ma 10 mpaka 16, makamaka onenepa, mutu wa fupa ungatsetseleke pamalo pake. Mwana wotelo sayenela kuthyoledwa na munthu aliyense. Ku Lusaka kuli Beit CURE, chipatala cha mafupa a ana chimene chinatsegulidwa mu 2006.

Nidziŵa zimene ena mukamba mu mtima: "Chiuno changa ananiponda usiku," kapena "n'naponda mankhwala pa njila." Sinibwela kudzakangana na ambuya anu. Koma lezala imodzi yotemela mphini anthu ambili ingakupatseni matenda amene munalibe, ndipo miyezi imene mumathela kufunafuna amene anakulodzani ni miyezi imene fupa limapitiliza kuphwanyika. Jambulitsani choyamba, zinazo muzakamba pambuyo.

Nanga ngati zizindikilo zoopsa zija palibe, ni ululu wa nchito chabe? Apa mungadzithandize. Saka ya 50 kg musainyamule mutapinda msana. Pindani mawondo, ikokeleni pafupi na thupi, ndipo musazungulile chiuno muli na katundu pa phewa. Okwela njinga, kwezani chishalo kuti mwendo uzitsala pang'ono kuongoka mukaponda pansi pedulo. Madalaivala, chotsani chikwama mu thumba la kumbuyo, ndipo tsikani muziongola miyendo pa siteshoni. Pogona ikani pilo pakati pa mawondo. Ngati mufuna ndodo, igwileni na dzanja la mbali imene sikuwawa, osati mbali yodwala. Musagone pa bedi sabata yonse, chifukwa mfundo imalimba ikakhala chabe. Yendani pang'onopang'ono, ndipo m'maŵa gonani chagada, pindani mawondo, nyamulani matako m'mwamba ka 10, mupumule, mubwelezenso.

Pa mapilisi samalani. Paracetamol pa mlingo wolembedwa ilibe vuto kwa anthu ambili. Koma diclofenac na Brufen zimene timagula pa kantemba n'kumameza tsiku lililonse monga nshawa zimapala zilonda za m'mimba na kuwononga impso. Musamwe pa njala, musamwe masabata, ndipo amene ali na pakati, zilonda za m'mimba kapena vuto ya impso asazigwile popanda dokotala. Choipa china n'chakuti zimabisa ululu, imwe mupitiliza kunyamula, fupa likulila mkati.

Pakapita masabata 2 osasintha, pitani ku kiliniki, ndipo mufunse za physio. Anthu amenewa amaphunzila ku Evelyn Hone College na ku UNZA, amagwila nchito mu zipatala za boma, ndipo zambili zimene mukufuna kukwelela basi ya ku Lusaka amazichita: kuongola mfundo, kutikita, na kukuphunzitsani maseŵela oyenela thupi lanu. Ngati pa malipilo anu amadulapo ya NHIMA, nyamulani nambala yanu, ni ndalama yanu imeneyo. Vuto ikakula, a ku Lundazi amatumiza ku Chipata Central Hospital. Ndipo ngati mwapimidwa, mwauzidwa kuti ni msana kapena minofu chabe, muli na ndalama, mwapeza chiropractor wa mapepala, palibe choletsa. Koma mukapita ka 5 kapena ka 6 osaona kusintha, musapitilize kulipila chifukwa chakuti akuuzani kuti mufunika kubwela chaka chonse.

Mwana wa amalume lelo amayenda na ndodo ziŵili. Masaka analeka, manje amakhala pa sikelo na kabuku, kulemba makilo a alimi. Ndalama ni yochepa kuposa kale, ndipo adokotala sanamulonjeze kuti opaleshoni azaithaŵa. Kachasu analeka, ngakhale amati Loŵeluka limamuvuta. Sabata yatha ananitumila uthenga kuti mnzake wa pa msika nayenso akudandaula chiuno, ndipo afuna nambala ya wothyola wa ku Lusaka.

"Manje unamuuza chani?" n'namufunsa.

"N'namuuza ati loza na chala."