Foni yobedwa ikapezeka inshulansi italipira kale

Kawirikawiri foni ya m'manja ikabedwa imapitiratu, mwini wake n'kungodzitonthoza. Koma nthawi zina apolisi amagwira mbala katundu akadali m'manja, mwinanso munthu wamtima wabwino amaitola n'kuibweza. Tsono taganizani, abale ndi alongo, kuti foniyo inali pa inshulansi, kampani inalipira kale, ndipo yatsopano ili m'thumba. Tinataya imodzi, lero pakhomo pali ziwiri. Kodi yakaleyo tichite nayo chiyani?

Ambiri a ife pakamwa pamafulumira kunena kuti Ambuye atibwezera kawiri monga anachitira ndi Yobu. Ife tikuti tisathamangire kuchitira umboni m'tchalitchi, pakuti foni imeneyo si yathunso.

Inshulansi ya katundu yagona pa mfundo imodzi: kumubwezera munthu pamene anali asanaonekeredwe tsoka, osati kumulemeretsa. Mfundoyi ndi yakale ndithu. M'chaka cha 1883 khoti la apilo ku England linaweruza mlandu wa Castellain ndi Preston. A Preston anagwirizana zogulitsa nyumba ku Liverpool, koma malonda asanathe nyumbayo inaonongeka ndi moto. Kampani ya inshulansi inawapatsa mapaundi 330, kenaka wogula uja analipirabe mtengo wonse umene anagwirizana. Oweruza analamula kuti ndalama za inshulansi zibwezedwe, popeza munthu sangalandire chipukuta misozi pa chinthu chimene sanaluze. N'chifukwa chake mapepala ambiri a mgwirizano wa inshulansi amanena poyera kuti katundu amene kampani yalipira, akapezeka, ndi wa kampaniyo. Timasaina mapepalawa osawerenga, komabe dzina lathu lili pamenepo.

Buku la Genesis lili ndi nkhani yofanana kwambiri ndi imeneyi. M'chaputala 42, ana a Yakobo anapita ku Igupto kukagula tirigu m'nthawi ya njala. Pomasula matumba anapeza kuti tirigu alimo, ndalama zimene analipira zilimonso. Sanavine. Anachita mantha, iwo pamodzi ndi atate awo. Pa ulendo wachiwiri, m'chaputala 43, Yakobo anawalamula kutenga ndalama za tirigu watsopano ndiponso kubweza zoyamba zija, poganiza kuti kapena wina analakwitsa. Taonani kuti uyu ndi Yakobo yemwe uja amene paunyamata wake ananyenga mbale wake ndi atate ake. Ukalamba unali utamuphunzitsa mtengo wa chinthu chopeza mwachinyengo. Atafika kunyumba ya Yosefe, anawo anaulula nkhaniyi kwa kapitao ali pakhomo, asanakhale pansi kuti adye. Kapitaoyo ndiye anawakhazika mtima pansi, nawauza kuti ndalama zawo iye analandira, ndipo zimene anapeza m'matumbazo ndi mphatso ya Mulungu wawo. Ndalamazo zinasanduka dalitso, inde, koma amene ananena zimenezo ndi wa kunyumba ya mwini tirigu, osati iwo eni ali panjira.

Tikudziwa zimene wina anganene. Makampaniwa ndi olemera, ndipo ena amachedwetsa malipiro mpaka munthu kutha nsapato ndi kuyendera maofesi. Dandaulo limeneli nthawi zina ndi loona, ndipo kuno kwathu Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira makampani a inshulansi, ndiko koyenera kukalitula. Koma ndalama zimene tinkapereka mwezi ndi mwezi zinagula lonjezo, ndipo lonjezolo lakwaniritsidwa. Komanso thumba limene tinalipidwamo ndi losonkherana, ngati la banki m'khonde. Wina akatapamo kawiri, chaka chamawa onse amasonkha zokwera, kuphatikizapo mayi wamasiye amene timakhala naye pa benchi imodzi Lamulungu. Levitiko 6 amaika munthu wotola chinthu chotayika n'kunama za icho m'gulu limodzi ndi wolanda, ndipo amamulamula kubweza n'kuonjezerapo gawo limodzi la magawo asanu.

Nkhaniyi imakhudza kwambiri ana athu amene ali ku Johannesburg kapena ku Britain, kumene mafoni ena amagulidwa pa mgwirizano wolipira pamwezi pamodzi ndi inshulansi. Foni iliyonse ili ndi nambala yakeyake ya manambala 15 yotchedwa IMEI, imene imaoneka mukaimba *#06#. Kumeneko foni ikalembetsedwa kuti yabedwa, nambalayo imatsekedwa ndipo foniyo siyigwiranso ntchito pa netiweki za m'dzikomo. Pamenepo mayesero amabwera akuti aitumize kumudzi, mwina ikagwira. Makolo tisalandire mphatso yotere osafunsa mbiri yake. Kuigulitsa ndiye koipitsitsa, chifukwa wogula wosalakwa ndi amene adzayankhe mafunso a apolisi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Pali china chimene sitingachidumphe. Nthawi zina foni "yobedwa" imapezeka kuseri kwa mpando kapena pansi pa matiresi. Ngati tinakayikira wantchito wapakhomo, kapena mwana wa mlamu amene tikumusunga, ngongole yoyamba ndi ya kwa iyeyo. Tipepese pamaso pa anthu omwe aja amene anatimva tikumunena, kenaka tikauze apolisi kuti lipoti lija likonzedwe.

Chochita chenicheni n'chachifupi. Lemberani kampaniyo kalata, mutchule nambala ya pempho lanu, IMEI ya foniyo, tsiku limene yapezeka ndi polisi imene ikudziwa nkhaniyi. Ngati apolisi akuisunga ngati umboni kufikira mlandu utatha, nenani zomwezo. Kampani ikhoza kuitenga, ikhoza kukulolani kuigula kapena kubweza zimene munalandira, ndipo nthawi zina imangoti sungani chifukwa foni yakale ilibenso mtengo. Musachite manyazi kufunsa za gawo lija limene munalipira nokha popanga pempho. Musanaipereke, chotsanimo zithunzi za banja, mauthenga ndi zonse zokhudza Airtel Money kapena Mpamba. Yankho lililonse limene angakupatseni, pemphani kuti likhale lolembedwa, ndipo mulisunge pamodzi ndi lipoti la apolisi.