Mwana akafuna kukaphunzira malamulo kunja, mufunseni mafunso atatu

LICHINGA - Abale a ku Mandimba, Mecanhelas, Ngauma ndi Lago, ana athu ena omwe atsiriza digiri yoyamba ya zamalamulo, imene m'Chipwitikizi amati licenciatura, akufuna kukapitiriza maphunziro kunja kuti akatenge yachiwiri, mestrado. Zimenezi n'zabwino. Koma amene mumagulitsa mbuzi, nyemba ndi fodya kuti mwanayo apeze pasipoti ndi ndalama ya ulendo ndinu a kumudzi. Choncho mukhazikeni pansi asananyamuke. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Funso loyamba: kodi ukukaphunzira malamulo a mtundu wanji? Malamulo sali ngati masamu, amene ali chimodzimodzi kulikonse. Athu a ku Mozambique anachokera kwa Apwitikizi, ndipo buku lalikulu la malamulo a pakati pa munthu ndi mnzake, Código Civil la 1966, likugwirabe ntchito ngakhale mbali zina zinasinthidwa. Anzathu a ku Malawi ndi ku Zambia anatengera za Angerezi, kumene woweruza amatsamira kwambiri pa zigamulo za milandu yakale. Mwana wofuna kudzakhala woweruza kapena loya wa milandu ya ngongole ndi mapangano kuno kwathu, ayang'ane ku Coimbra, ku Lisboa kapena ku Brazil. Kumeneko chilankhulo ndi kaganizidwe ka malamulo n'zapachibale ndi zathu. Ku Portugal mestrado nthawi zambiri imatenga zaka ziwiri.

Sindikunena kuti ku mayiko a Chingerezi asapiteko. Mabanja ambiri a m'malire muno anathawira ku Malawi nkhondo isanathe mu 1992, ndipo Chingerezi si chachilendo m'nyumba zathu. Chimenecho n'chuma. Wofuna za ufulu wa anthu kapena za malonda a pakati pa mayiko angapindule nacho. Ku yunivesite ya Pretoria, ku South Africa, kuyambira 2000 kuli maphunziro a chaka chimodzi a za ufulu wa anthu ndi demokalase mu Africa. Ophunzira amayambira ku Pretoria, kenako amakatsirizira ku mayunivesite ena a mu Africa, ndipo Eduardo Mondlane ya ku Maputo ili m'gulumo.

Funso lachiwiri: kodi alipire ndani? Munda wa chimanga sungalipire sukulu ya ku London. Mwana ayambe wafunafuna thandizo la maphunziro, lija amati bolsa. Boma lathu lili ndi ofesi yake, Instituto de Bolsas de Estudo. Portugal amathandiza kudzera ku Instituto Camões, Brazil kudzera m'ndondomeko ya PEC-PG. Boma la Britain lili ndi Chevening, yolipira mestrado ya chaka chimodzi, koma imafuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri ndipo walonjeza kubwerera kwawo kukakhala zaka zosachepera ziwiri. Kulembetsa kumayamba cha mu Ogasiti, sukulu n'kudzayamba chaka chinacho. Ndiye kuti kukonzekera kumatenga chaka chathunthu.

Zofunika zake n'zodziwika: satifiketi ya digiri, pepala loonetsa mmene anakhozera phunziro lililonse, makalata aumboni ochokera kwa aphunzitsi kapena mabwana a kuntchito, kalata yake yofotokoza chimene akufunira maphunzirowo, ndiponso, ku mayiko a Chingerezi, mayeso a chilankhulo monga IELTS. Kulembetsa ku Chevening n'kwaulere. Wina akabwera m'mudzi n'kunena kuti “patseni ndalama, malo ndikupezerani,” ameneyo ndi wakuba. Musagulitse mbuzi musanaone kalata yochokera ku yunivesite yeniyeniyo.

Funso lachitatu, lomwe ndi lalikulu: kodi ukabwerako udzagwira ntchito yanji? Pepala la kunja palokha silisandutsa munthu loya wa ku Mozambique. Liyenera kuvomerezedwa kaye ndi boma, zija amati equivalência. Ndipo woimira anthu pamilandu amalembetsa ku bungwe la maloya, Ordem dos Advogados, lomwe linakhazikitsidwa mu 1994, atayamba waphunzira ntchito pansi pa loya wamkulu.

Ntchito yomudikira kuno ilipo yambiri. Lamulo la Malo la 1997 linanena kuti nthaka ndi ya Boma, koma mudzi wokhala pamalo mwa mwambo wa makolo uli ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo ngakhale ulibe pepala. Linanenanso kuti anthu afunsidwe malo asanaperekedwe kwa wina. Pamene makampani obzala paini ndi bulugamu anafika m'maboma a Lichinga, Sanga ndi Lago zaka za m'ma 2000, midzi yambiri inakambirana nawo popanda wodziwa malamulo wokhala kumbali yake. Osauka ali ndi IPAJ, ofesi ya boma yothandiza pamilandu kwaulere, koma Niassa ndi dera lalikulu kuposa onse m'dziko muno, ndipo mitunda ndi yaitali.

Maganizo anga ndi awa: mwana asankhe kaye ntchito imene adzagwire, kenako phunziro, dziko likhale lomaliza. Wosankha dziko poyamba akufuna ulendo chabe. Akakuyankhani bwino mafunso atatuwa, mudalitseni apite. Akayamba chibwibwi, mbuzi zikhale kaye m'khola, ayambe wagwira ntchito chaka chimodzi kapena ziwiri kuno ku Lichinga.