ZIMBABWE: Kamera, khasu ndi mfuti zikulimbirana malo ku Mashonaland

HARARE – Chaka chilichonse mvula ikakata, cha mu April kapena May, misasa ya alendo ya m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi ku Mana Pools imatsegulidwanso. Tindege ting'onoting'ono timayamba kutula alendo ochokera ku Ulaya, America ndi South Africa atanyamula makamera a magalasi aatali ngati munsi. Chimene amalipirira ndalama zochuluka n'chakuti munthu wodziwa tchire awatsogolere wapansi, awafikitse pafupi ndi njovu imene yaima ndi miyendo yakumbuyo kuthyola nthambi za msangu, kapena pafupi ndi gulu la mimbulu limene likukonzekera kukasaka.

Mana Pools ili m'chigawo cha Mashonaland West, ndipo bungwe la UNESCO lidaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse m'chaka cha 1984. Mbiri yake idakula kwambiri wailesi ya BBC itaonetsa filimu ya Dynasties mu 2018, imene gawo lake lina lidajambula mimbulu ya kumeneko. Koma mlendo amene wasankha kuyenda pagalimoto kuchokera ku Harare, kudzera ku Banket, Chinhoyi ndi Karoi, amadutsa kaye m'dera limene lili ndi nkhani ina: minda ikuluikulu ya fodya ndi chimanga, imene kuno amaitcha mapulazi, ndipo ku Malawi angaitche maesiteti. Nkhani ya maulendo ojambula nyama m'dziko lino siimveka bwino popanda nkhani ya mapulaziwa ndi anthu amene adathera moyo wawo akugwiramo ntchito.

Chiyambi chake ndi lamulo la 1975 loyang'anira nkhalango ndi nyama zakutchire, limene lidapatsa mwini malo mphamvu pa nyama zopezeka pamalo pake. Lisanabwere lamuloli, mlimi ankaona mbidzi, ngoma ndi ntchefu ngati adani olanda ng'ombe msipu. Litabwera, nyama zomwezo zidasanduka chuma. Alimi ena adachotsa mipanda ya pakati pa minda yawo, ena adapatula mapiri ndi madambo osalimika n'kuikamo nyama, ndipo pofika zaka za m'ma 1990 panali mapulazi angapo ozungulira Harare amene ankalandira alendo ofuna kuona ndi kujambula nyama kumapeto kwa sabata. Ku Mashonaland nthaka ndi yachonde ndipo mvula imagwa bwino, choncho nyama sizidalowe m'malo mwa fodya monga zidachitira m'malo mwa ng'ombe kumadera ouma a kumwera, ku Savé Valley ndi Bubiana. Kuno zinali zongowonjezera pa ulimi.

Chitsanzo chodziwika ndi Imire, pafupi ndi Wedza m'chigawo cha Mashonaland East. Norman Travers adayamba pulazi imeneyi ngati munda wa fodya, chimanga ndi ng'ombe, kenaka m'zaka za m'ma 1970 adayamba kuikamo nyama zakutchire. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pamene opha nyama mozembera lamulo ankatha zipembere m'chigwa cha Zambezi, ambiri akuwoloka kuchokera ku Zambia, boma lidaganiza zosamutsira zotsalazo kumalo otetezeka, kuphatikizapo minda ya anthu wamba. Imire idalandira ana amasiye asanu ndi awiri a chipembere chakuda. Adaleredwa ndi botolo, adakula, adaswana, ndipo ena mwa ana awo adakatulidwa kunkhalango ya Matusadona m'mphepete mwa nyanja ya Kariba. Ku Mana Pools komwe zipembere zidatheratu.

M'chaka cha 2000 zinthu zidatembenuka. Ndondomeko ya boma la Robert Mugabe yogawa malo mwachangu idalanda minda yambiri mwa minda pafupifupi 4,500 ya alimi achizungu. Palibe angakane kuti kagawidwe ka malo kamene atsamunda adasiya kanali kokondera, ndipo mabanja zikwizikwi amene ankapanikizana m'madera a nthaka yoguga adapeza polima. Komabe ndondomekoyi idakonzedwa ndi maganizo a khasu ndi ng'ombe basi, ndipo za nyama zakutchire idanena zochepa. Waya wa mipanda adadulidwa n'kusanduka misampha. Mitengo ya msasa idagwa kuti iwotchere fodya m'zigafa. Alendo nawo adasiya kubwera ataona zithunzi za chipwirikiti pawailesi za kanema, ndipo malo ambiri ogona alendo a m'mapulazi adatsekedwa mwakachetechete.

Imire idapulumuka, koma mu November 2007, chuma cha dziko chili pafupi kugweratu, anthu a mfuti adalowa usiku, adamanga alonda, n'kupha zipembere zitatu zazikulu, china chili ndi bere. Zipemberezo zinali zitadulidwa kale nyanga milungu ingapo m'mbuyomo, ndiye achiwembuwo adapita ndi zochepa kwambiri. Kamwana ka milungu yowerengeka, kotchedwa Tatenda, kadatsala kamasiye. Lero malowa akupitirizabe kusunga zipembere ndi njovu, ndipo amadalira alendo a tsiku limodzi ochokera ku Harare ndi achinyamata akunja amene amalipira kuti adzagwire ntchito yodzipereka.

Pali gulu la anthu limene mabuku otsatsa maulendowa salitchula, koma limene owerenga athu a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amalidziwa ndi mayina. Pamene malo ankayamba kugawidwa, mapulazi a dziko lino anali ndi antchito oposa 300,000, ndipo gawo lalikulu ndithu linali la ana ndi adzukulu a anthu amene adabwera ku Halale pa Mthandizi kapena wapansi kudzera ku Tete. Awa ndiwo machona. M'makomponi a ku Trelawney, Mvurwi ndi Raffingora, Chichewa chinkamveka pamaliro ndi pachitsime, ndipo Gule Wamkulu, amene Ashona amamutcha zvigure, ankatuluka monga ku Dedza kapena ku Katete. Kafukufuku amene Lloyd Sachikonye adachita mu 2003 adapeza kuti antchito a m'mapulazi amene adalandirako malo sadafike 5 pa 100 alionse. Lamulo la unzika la 2001 lidaonjezera chilonda, chifukwa lidafuna kuti munthu wobadwa kwa kholo lakunja akane unzika wa dziko la kholo lakelo, ngakhale atakhala kuti sadapondeko. Ambiri adataya ufulu wovota mu 2002. Malamulo oyendetsera dziko a 2013 adabwezera unzika kwa obadwira m'dziko muno amene kholo lawo ndi la m'chigawo cha SADC, koma unzika sudawabwezere ntchito, nyumba kapena munda.

Funso limene limabuka n'lakuti: kodi ntchito zokopa alendo zingalandire anthu otere? Mbali ina, inde. Msasa wojambulira nyama umalemba anthu ambiri kuposa msasa wa alenje, chifukwa umafuna ophika, ochapa, operekera zakudya, amakaniko, oyendetsa mabwato ndi alonda, ndipo akazi amapezamo mwayi umene kuulenje kulibe. Koma misasa ya m'chigwa imatseka m'nyengo ya mvula, ndipo chiwerengero cha mabedi n'chochepa mwadala, popeza mlendo amalipira zambiri kuti asaone galimoto ina pafupi ndi mkango wake. Pulazi imodzi ya fodya inkatha kusunga mabanja mazana. Msasa umodzi sungatero.

Ntchito imene ili ndi ulemu ndi malipiro abwino ndi ya wotsogolera alendo, ndipo chiphaso chake ku Zimbabwe chimatchuka kuti n'chimodzi mwa zovuta kupeza mu Africa muno. Munthu amayamba ndi mayeso olemba okhudza malamulo, mfuti ndi makhalidwe a nyama. Kenaka amaphunzira zaka zingapo pansi pa katswiri, amayesedwa kuwombera, amafunsidwa mafunso pamaso pa akadaulo, ndipo pomaliza amayesedwa m'tchire mwenimweni. N'chifukwa chake mlendo angayende wapansi mamita ochepa kuchokera pa njovu ali ndi mtima m'malo. Koma njira imeneyi imafuna satifiketi ya sukulu, Chingerezi chomveka, ndalama za zipolopolo ndi munthu wokulandira kuti akuphunzitse. Mwana amene adalekeza pasukulu ya pakomponi, ngakhale atadziwa mapazi a nyama iliyonse, kawirikawiri amathera pa kunyamula madzi ndi miyendo ya kamera.

Mkangano wina ndi wa kamera ndi mfuti. Mkango Cecil utaphedwa pafupi ndi Hwange mu 2015, mawu adakula kunja akuti ulenje wa zikho uthe ndipo kujambula kulowe m'malo mwake. Pali pamene zatheka. Dera la Sapi, loyandikana ndi Mana Pools, linali la alenje mpaka kampani ya Great Plains idalitenga mu 2016 n'kulisandutsa lojambulira. Komatu Sapi ili ndi mtsinje wa Zambezi, ndipo dzuwa likamalowa kumaoneka mapiri a ku Zambia. Madera ambiri a ndondomeko ya CAMPFIRE, imene idayambira m'maboma a Nyaminyami ndi Guruve mu 1989 pofuna kuti anthu akumidzi azipindula ndi nyama, ndi otentha, a tchire lothithikana ndi kashembe, ndipo nyama zake n'zamantha. Wojambula amene walipira zikwi za madola safuna kutha masiku atatu osaona kanthu, pamene mlenje amapirira. Zaka za mavuto zidaonetsanso kuti ojambula ndiwo amayamba kuthawa nkhani zoipa zikamveka, monga zidachitikiranso m'nthawi ya mliri wa Covid-19. Choncho ndalama zambiri za CAMPFIRE zakhala zikuchokera kuulenje, ndipo madandaulo a anthu akumidzi agona pa gawo limene limatsalira m'maofesi a makhonsolo. Amene amatsutsa ulenje ali ndi mfundo yomveka, koma sadanenebe amene adzalipira mayi wa ku Mbire njovu zikamudyera mapira.

Pamapiri pomwe pali mapulazi, khasu lapambana kale. Fodya, amene adatsika kufika makilogalamu osakwana 50 miliyoni mu 2008, adakwera mpaka pafupifupi 296 miliyoni mu 2023, ndipo ambiri mwa omulima ndi alimi ang'onoang'ono amene adalandira malo. Mlimi wa mahekitala asanu sangawete mphalapala. Ngakhale amene ali ndi malo aakulu amazengereza, chifukwa kwa zaka zambiri chimene anali nacho m'manja inali kalata ya boma imene nduna ikadatha kuifafaniza. Chipembere chimakhala ndi bere miyezi 15, ndipo mpanda wamagetsi umabweza ndalama zake patapita zaka zambiri, kotero palibe banki imene ingakongoze munthu pa kalata yotere. Boma la Emmerson Mnangagwa lidasaina mu 2020 pangano lolipira alimi olandidwa malo madola 3.5 biliyoni pa zimene adamanga, ndipo mu 2024 lidalengeza zopereka zikalata za umwini kwa amene adalandira malo. Antchito akale a m'mapulazi sali pamndandanda uliwonse mwa iwiriyi.

Kunkhalango za boma njira imene ikukula ndi yobwereketsa ulamuliro. Mu 2019 bungwe la African Parks lidasaina pangano la zaka 20 loyendetsa Matusadona, monga lidachitira ku Majete mu 2003 ndi ku Liwonde ndi Nkhotakota mu 2015. Ku Malawi njirayi idabweretsa mikango, zipembere ndi alendo kumene kudali zii, ngakhale nkhani za mipanda, nkhuni ndi nyama zolusa sizidathe m'midzi yozungulira. Ku Matusadona ntchito idayamba ndi alonda, misewu ndi kuletsa usodzi wozembera lamulo panyanja ya Kariba, ndipo cholinga chimene bungweli lidalengeza n'kubwezeretsa chipembere chakuda m'nkhalango imene kale idalandira ana a ku Imire.