Tsoka Ili Limanunkha

Akuluakulu adati tsoka silinunkha. Pa nkhani yodzipha, ine ndikuukana mwambiwu. Tsoka ili limanunkha, koma ife timatseka mphuno, kenaka pa maliro n'kumati, "Dzulo lomweli amaseka nafe."

Apolisi adalengeza kuti kuyambira Januwale mpaka Ogasiti 2020 anthu 182 adadzipha m'dziko muno, pomwe m'miyezi yomweyo mu 2019 adali 116. Ambiri mwa iwo adali amuna. Izi sizindidabwitsa. Kuno ku Ntcheu timalera mwana wamwamuna ndi mawu akuti mwamuna salira, Mngoni sagwada. Akakula n'kukongola ndalama kwa akatapila kuti alime mbatatesi ku Tsangano, mitengo n'kugwa pa msika wa Lizulu, adzalirira kuti? Tidamutseka pakamwa akadali kumsana.

Komabe pakamwa potsekedwa pamatuluka mawu. Munthu akayamba kunena kuti, "Ndatopa nawo moyo," kapena, "Muzindisamalira ana angawa," si nthabwala za pamowa. Akamagawa katundu wake popanda chifukwa, akasiya kupita ku bawo ndi kutchalitchi, akamasowa tulo, akamamwa kachasu kuposa kale, fungo ndi lomwelo. Choopsa kwambiri ndi pamene munthu amene wakhala wakhuma kwa miyezi wangosanduka wodekha mwadzidzidzi. Achibale amati wachira, pomwe mwina wamanga kale mfundo mumtima.

Ena amati kumufunsa n'kumupatsa maganizo oipa. Ili ndi bodza la amantha. Mufunseni mosapsatira: "Achimwene, kodi mukuganiza zodzipha?" Funso lotere silipha munthu, limamutsegulira khomo. Akavomera, musamulalikire za Gehena kapena kumuuza kuti ena akuvutika koposa iye. Mverani. Musamusiye yekha usiku umenewo. Chotsani m'nyumba mankhwala ophera tizilombo ndi china chilichonse chomwe angadzivulaze nacho. Kukacha muperekezeni kuchipatala cha boma, pakuti matenda okhumudwa amachizika ngati malungo. Chipatala cha amisala cha Zomba ndi cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe sadazimangire ongovula m'misewu okha.

Mlandu wathu ngwaukulu. Gawo 229 la malamulo a milandu, lomwe tidatengera kwa atsamunda, lidaika munthu woyesa kudzipha m'gulu la opalamula. Wopulumuka amayenera kukakumana ndi woweruza m'malo mwa dokotala. Mipingo ina imakana kuimba nyimbo pa maliro otere. Anthu amiseche amathamangira kunena za ufiti. Zonsezi zimaphunzitsa wovutika phunziro limodzi: khala chete.

Ankhoswe, mafumu ndi akulu ampingo amadziwa nyumba iliyonse imene muli ngongole kapena ukwati wogwedezeka. Afike pakhomopo mwini wake akadali moyo. Ufa ndi nkhuni zomwe timasonkha pa maliro zingathandize kwambiri zitafika sabata imodzi msanga.